Pinki wa Dala

Lachisanu m'mawa Tsabola anafika kuntchito mlonda asanamalize kutsegula geti. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake pakampani yosindikiza magazini, sabata yake yoyamba, atamumva akukalipira makina a fotokope ngati munthu wamakutu. Iye sanalikane. Analitenga n'kumalilemba pansi pa zojambula zake.

Tsikuli linali lake. Kwa zaka ziwiri ntchito yake inali kupaka mitundu pa zithunzi za munthu wina, mnyamata amene onse ankamutchula kuti Minofu chifukwa aliyense amene wamujambula, ngakhale khanda, ankatuluka ndi mikono ngati matumba a simenti. Minofu ndiye ankajambula nthano ya Chiphaliwali, ngwazi youluka ya chinsalu chofiira kumsana, imene inkatenga masamba anayi a pakati pa magaziniyo. Mwezi ndi mwezi nkhani inali yomweyomweyo: chigawenga chafika, nyumba zagwa, Chiphaliwali waponya chibakera, yathera pomwepo.

Tsabola sanapite kusukulu ya zojambula ngati Minofu. Anaphunzira yekha kumbuyo kwa makalendala akale, ndipo mwina n'chifukwa chake ankafunsa mafunso amene ophunzirawo safunsa.

"Kodi munthu wanuyu sachapa?" ankatero pamsonkhano uliwonse. "Walowa m'moto, wagwa m'ngalande, mawa lake chinsalu chili waliwali. Amamuchapira ndani? N'chifukwa chiyani wochapayo sitimuona?"

Anavutitsa a mkonzi mpaka anagonja. "Mwezi umodzi," anatero atakweza chala. "Masamba anayi onse ndi ako. Zikakanika, ubwerera kukapaka minofu ya mnzakoyu, ndipo nkhani ya zochapa ndisadzaimvenso."

Ndiye Tsabola anajambula Chiphaliwali tsiku lopuma. Munalibe chigawenga. Mkazi wa ngwaziyo, namwino, wabwera kuchipatala miyendo itatupa, wagona pampando nsapato zili kuphazi. Bambo amva chisoni, atenga beseni, atenthetsa madzi ndi maso awo amoto aja, atolera zochapa zonse m'nyumba n'kuponyamo, pamodzi ndi chinsalu chawo chofiira. Tsamba lomaliza linali chithunzi chimodzi chachikulu: pachingwe pali mayunifolomu asanu a namwino, onse asanduka a pinki, mayi agwira m'chiuno, ndipo munthu amene amanyamula mabasi ndi dzanja limodzi wabisala kuseri kwa mgolo. Mawu a mayiwo anali akuti, "Bambo, mzinda wonse mwaupulumutsa. Nanga ine Lolemba ndivala chiyani?"

Nkhaniyi Tsabola sanaipeke yonse. Achemwali ake, amene ankakhala nawo, analinso namwino, ndipo siketi yofiira imene inachita zoopsazo inali ya Tsabola yemwe. Anadziwa bwino mtundu wa pinki ameneyo. Anauyang'ana sabata yathunthu uli pachingwe, achemwali osamuyankhula.

Kuchipinda cha makina kunkanunkha inki ndi palafini monga mwa masiku onse. Mapepala osindikizidwa dzulo anali atasanjikizidwa pa thabwa, mulu wofika m'chiuno, asanapindidwe. Tsabola anapukuta manja pa jinzi yake, anakoka pepala lapamwamba, n'kulitembenuza.

Mayunifolomu onse asanu anali oyera mbee.

Anakoka lina pakati pa mulu. Oyera. Lina pansi. Oyera ngati ochokera m'sitolo.

Chimene chinamuwawa koposa sichinali kusowa kwa nthabwala. Anayang'ana nkhope ya mayi uja, amene anamujambula masiku atatu, n'kuona chimene owerenga aone: mwamuna wachapa bwinobwino, zovala zayera, mkazi n'kumalalata. Namwino wotopa uja anali atasanduka mkazi wolongolola, wosayamika.

"Madala!" Mawuwo anagunda malata. "Madala, muli kuti?"

A Madala anatulukira kuseri kwa makina akupukuta sipanala, pensulo ili kukhutu. Anali atagwira makina amenewo zaka makumi atatu. Sankathamanga, sankakweza mawu, ndipo ovololo yawo inali ndi mitundu yonse imene kampaniyo inasindikizapo.

"Wadzuka bwanji, mwana wanga?"

"Sindinadzuke! Pinki wanga ali kuti?"

"Pinki uti?"

"Apa! Apa! Apa!" Chala chake chinatsala pang'ono kuboola pepala.

A Madala anawerama, anayang'ana, kenako anagwedeza mutu mokhutira. "Oo, litsiro lija. Usadandaule, ndinalichotsa. Puleti yofiira, chitsulo chija chodindira inki yofiira, ikada, imapaka kautsi ka pinki pamalo oyera. Nditaona pa zovalazo ndinati mwanayu ndi ulendo wake woyamba, asachite manyazi. Ndinafufuta ndi mankhwala, kamodzikamodzi, osakhudza mzere. Inanditengera ola lathunthu."

"Mwandifufutira nkhani yonse! Simunawerenge mawuwo? Chinsalu chasuluka, chadetsa mayunifolomu! Nthabwala yake ndi imeneyo!"

"Ine sindiwerenga mawu, mwana wanga. Ndimawerenga inki. Ndikanati ndiziwerenga zonse zodutsa m'makinamu bwenzi ndili pulofesa, kapena wamisala."

Tsabola anatsegula pakamwa kuti awatsanulire zonse, koma a Madala anali atatembenuka kale. Anapita pakhoma pamene panali msomali, n'kuchotsapo pepala loyeserera, limene wojambula amaliona ndi kulivomereza makina asanayambe. Analiyala pa mulu paja. Chala chawo chakuda chinayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa tsamba lomaliza, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

M'mphepetemo munalibe kanthu.

Pakampanipo panali lamulo limodzi limene aliyense ankauzidwa tsiku loyamba, asanamuonetse n'komwe kuchimbudzi. Ngati wajambula chinthu chachilendo, thambo lobiriwira, nkhope yabuluu, chilembo chozondoka, uzungulize ndi pensulo pa pepala loyeserera n'kulemba m'mphepete liwu limodzi: DALA. Pamene pali liwulo a Madala sakhudza, ngakhale zioneke zonyansa bwanji. Pamene palibe, amakonza. Anyamata ankaseka kuti Madala opanda dala sayenda.

Tsabola anakumbukira Lachitatu. Pensulo inali m'manja mwake, atayamba kale kuzunguliza yunifolomu yoyamba m'maganizo, pamene Minofu anadutsa n'kunena kuti Chiphaliwali wakeyo akuoneka ngati wogulitsa sopo. Anaponya pensuloyo, anamutsatira mpaka pakhonde, anamuuza zonse zokhudza makanda ake a mikono ikuluikulu. Anapambana mkanganowo. Atabwerera anasaina pepala osayang'ananso.

Mkwiyo wake unasowa pogwera.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa a mkonzi, kapu ya tiyi kumanja, Minofu pambuyo pawo.

"Phokoso lamveka mpaka kumtunda. Kwagwanji?"

Minofu anatola pepala, anayang'ana, n'kuluma mlomo kuti asaseke. "Bwana, ngwazi yathu imachapa bwino zedi. Sindikudziwa chimene mayiwa akudandaula."

A mkonzi anayang'ana pepala, anayang'ana Tsabola, kenako maso awo anakakhazikika pa a Madala, ndipo sanachokeponso. Aliyense ankadziwa kuti a mkonzi akufuna munthu wachinyamata pa makinawo. A Madala anali atalandira kale makalata awiri a chenjezo, ina chifukwa chochedwa tsiku limene kunagwa mvula yoopsa, ina chifukwa chokana kusindikiza pa pepala lonyowa. Yachitatu inali ya kunyumba.

"Madala, anakutumani ndani kufufuta ntchito ya wojambula?"

Tsabola anaona dzanja la a Madala likupinda pepala loyeserera lija kanayi, mwakachetechete, n'kulilowetsa m'thumba la ovololo.

"Palibe, bwana. Maso akalamba. Ndalakwa ine."

"Mwamva nonse." A mkonzi anamwa tiyi. "Tichita chonchi. Minofu ali ndi masamba anayi okonzeka, ndinamuuza asunge. Pepala latsala lokwana ulendo umodzi wokha, ndipo lole yotenga magazini imabwera folo koloko. Tisindikiza za Minofu. Iwe Tsabola, vuto si lako, ndikupatsa mwezi wamawa. Inu Madala, mukamaliza mukwere kuofesi."

Zinali zophweka. Kungokhala chete, mwezi wamawa n'kukhala wake, pinki ndi zonse. Tsabola anayang'ana a Madala, amene ankapukutabe sipanala yoyera kale ija. Munthuyu anataya ola lathunthu kuti mwana asachite manyazi, ndiye lero akwere masitepe chifukwa cha pensulo imene iye anaiponya pofuna kupambana mkangano? Iye yemweyo amene wakhala zaka ziwiri akufuula kuti wochapa saoneka?

Anayenda masitepe awiri, anapisa dzanja m'thumba la a Madala ngati ndi lake, n'kutulutsa pepala lija.

"Iwe mwana," anatero a Madala.

"Pepani, Madala, kunama simutha. Bwana, onani apa." Analifunyulula pamaso pa a mkonzi. "Pali dala apa? Yang'anani bwino, muli ndi magalasi. Palibe. Saini iyi ndi ya ndani? Yanga. Madala atsata lamulo limene munandiuza inu nomwe tsiku loyamba. Ngati pali kalata yoti ilembedwe, dzina lake ndi langa."

A mkonzi anaika kapu pa thabwa. "Ukudziwa chimene ukunena? Ngati walakwa ndiwe, mwayi wako wathera pompano. Palibe mwezi wamawa."

"Sindikufuna wamawa. Munandipatsa uno, ndipo sunathe. Za Minofu ziyenera kuyamba nthawi yanji kuti zipeze lole?"

"Thwelofu koloko," anayankha a Madala asanafunsidwe.

"Pano ndi hafu eyiti. Mpaka thwelofu makinawa ndi anga."

"Ndi pepala liti? Ndati lotsalalo ndi la Minofu."

"Lomweli." Tsabola anamenya mulu uja ndi chikhatho, n'kutembenukira kwa a Madala. "Mapepalawa sangalowenso m'makina? Tipange puleti ina ya pinki yekhayekha, tidinde pamwamba."

A Madala anakanda chibwano. "Pepala likalowa kachiwiri silimvera. Lagona usiku, lamwa chinyezi, latambasuka. Pinkiyo sagwera pamalo pake ndendende."

"Koma zimatheka?"

"Kwa munthu wodziwa."

"Ndiye tikudikira ndani? Abwera pa basi?"

Pakona ya mlomo wa a Madala panagwedezeka pang'ono. A mkonzi anatenga kapu yawo. "Thwelofu," anatero. "Ikangokwana, ndikufuna kumva zibakera za Minofu m'makinamu."

Tsabola anathamangira pa kompyuta. Anachotsa chilichonse pa tsambalo, chingwe, mgolo, mayi, ngwazi, n'kusiya mabala asanu a pinki akuyandama pamalo oyera. Puleti inatuluka naini koloko itapitirira. A Madala anali atatsuka kale zogudubuza za makina, ndipo ankasakaniza inki pa galasi ndi kampeni kafulati.

"Uyu?"

"Wachepa. Ameneyo ndi pinki wa keke. Ndikufuna pinki wa ngozi."

Anawonjezera kadontho kofiira. "Uyu?"

Tsabola anaona m'maganizo chingwe cha kunyumba, ndi nsana wa achemwali ake. "Ameneyo."

Makina analira, pepala loyamba linatuluka. Pinki anagwera pankhope pa mayi uja.

Minofu, amene anali atakhala pa mpando pafupi ndi chitseko mapuleti ake ali pamwendo, anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi adzola! Akupita ku ukwati!"

"Seka bwino, ungathyoke nthiti," anatero Tsabola osatembenuka. "Sudziwa n'komwe kuti munthu ali nazo zingati."

A Madala sanamve zonsezo. Anapotoza kasikuluwu kumbali kwa makina, anadinda lina. Pinki anasamukira pa mpanda. Anapotozanso, pang'ono ngati akutsegula wailesi pafupi ndi mwana wogona. Pinki anakwera pa mayunifolomu, koma mapewa okha. Pepala lililonse ankaliyala pathebulo, n'kuliyang'ana ndi kagalasi kokulitsa, n'kubwerera ku sikuluwu. Tsabola ankanyamula mapepala, kuwapepeta kuti asamatane, kuwagunditsa pathebulo kuti m'mphepete mufanane, monga a Madala anamuonetsera kamodzi kokha. Mapepala anamucheka zala ziwiri. Sanazimve.

Ileveni koloko inadutsa. Hafu ileveni, a Madala anayala pepala, anawerama nthawi yaitali, kenako anaongoka akupukusa mutu.

"Apa ndafika pomalizira, mwana wanga. Pamwamba pagwira bwinobwino, ona makolala. Koma pepala latambasuka kumunsi. Pinki watuluka kunja kwa mzere m'mipendero monse. Ndikakonza pansi, pamwamba pathawa. Zaka makumi atatu sindinatulutsepo ntchito yotuluka mzere."

Minofu anaimirira, n'kuyamba kupukuta mapuleti ake ndi malaya.

Tsabola anakankha kagalasi kaja pambali, anatenga pepala, n'kuligwira patali monga agwirira munthu wowerenga m'basi. Makolala anali bwino. Manja a mayunifolomu anali bwino. Kumunsi, pinki anadutsa mzere wakuda pang'ono, pansi pa yunifolomu iliyonse, ngati madzi ofiirira akuchuchabe kuchokera m'nsalu yonyowa. Iye sakanatha kujambula zimenezo ngakhale atapatsidwa mwezi wina.

"Madala, zovala zongoyanikidwa kumene zimatani?"

"Zimadontha."

"Ndiye mukuona chiyani apa?"

A Madala anayang'ananso, ulendo uno opanda galasi. Kenako anati, "Ine ndikuona inki yotuluka mzere."

Tsabola anatambasula dzanja, anasolola pensulo kukhutu kwa a Madala, anazunguliza mipendero yonse isanu, n'kulemba m'mphepete ndi zilembo zazikulu zoti ngakhale mlonda pageti awerenge: DALA. Pansi pake anasaina.

A Madala anawerenga liwulo ngati akuliona koyamba. Anatenga pepalalo, anakalibaya pa msomali, anabweza pensulo kukhutu, n'kudina batani.

Thwelofu koloko a mkonzi atatsika anapeza makina akuthamanga, mulu wa pinki ukukwera. Sanafike n'komwe pamakinapo. Anaima pathebulo lalitali pamene amayi atatu opinda mapepala anali atasiya ntchito, mitu itagundana pa tsamba limodzi.

"Ndi bambo a kwathu enieni awa!" ankatero mmodzi akupukuta misozi ndi mpango. "Onani mmene abisalira! Mapazi akuonekera pansi pa mgolo!"

"Wanga anachita kundiuza kuti ndi fasho," anatero wina.

"Koma mayiwa aleza mtima. Ine bwenzi chinsalucho nditachisandutsa chokolopera."

A mkonzi anawalanda pepalalo, anawerenga masamba onse anayi nkhope ili gwa. Atafika pa mgolo, mphuno inawapereka, kampweya kanatuluka. Anakhosomola kuti abise.

"Pinkiyu watuluka mzere," anatero.

Tsabola analoza pa msomali. A mkonzi anapita, anawerenga, anaima kanthawi manja ali kumbuyo.

"Ipite," anatero. "Minofu, kasunge mapuleti akowo. Madala, kuofesi musabwere, ndili ndi zochita." Atafika pachitseko anatembenuka. "Iwe Tsabola, ulendo wina uzilemba liwulo Lachitatu, osati Lachisanu."

Lole inanyamuka folo koloko itangopitirira. Tsabola atabwerera kuchipinda cha makina kukatenga chikwama, anapeza makina ali zii, ndipo a Madala atakhala pa bokosi la mapepala, magalasi ali pamphuno, magazini ili m'manja. Milomo yawo inkayenda pang'onopang'ono. Ankawerenga mawu.

Anadikira mpaka atafika tsamba lomaliza.

"Mwana wanga," anatero osakweza mutu, "munthu wakoyu ndi chitsiru."

"Chifukwa?"

"Zofiira amachapa pazokha, m'madzi ozizira. Iye wachita kutenthetsa ndi maso. Ngakhale ine ndimadziwa zimenezo."

"Inu munadziwira kuti? Si paja mumangowerenga inki?"

A Madala anatseka magazini, anaipinda bwinobwino n'kuilowetsa m'thumba lija la ovololo.

"Kunyumba kwanga kuli makatani a pinki," anatero. "Tinagula oyera."

Tsabola anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti. "Ndiye simunawauze mayi kuti ndi dala?"

"Ndinawauza," anatero a Madala akuvula magalasi. "Anandifunsa kuti ndinasaina pati."